Bwanamkubwa Anatuluka Pomaliza

Mzungu woyamba kumulankhula Chichewa Anganile ku Mangalande kuno anamutchula kuti iwe.

Linali tsiku lake loyamba ku Ashlow House, nyumba yosamalira okalamba yomwe inali kunja pang'ono kwa tauni ya Loughborough. Kuchokera ku Braunstone, komwe ankachita lendi ndi mwamuna wake Henderson ndi ana awo awiri, ankakwera mabasi awiri kuti akafike kumeneko. Kumudzi anali namwino, koma kuno mapepala ake anali asanadutse, choncho ankagwira ya keya ngati anzake ambiri: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza, kusintha zofunda. Manijala wa pamalopo, mayi Khairunisa, anamuzungulitsa zipinda zonse, ndipo atafika ku chipinda cha kumapeto kwa kolido anagogoda n'kunena m'Chingerezi kuti, "Awa ndi Sir Dennis Thorleigh."

Pampando wa pawindo panakhala mkulu wamtali, wowonda, atamanga tayi pamwamba pa malaya ogonera. Anasuzumira baji ya pachifuwa pa Anganile n'kuwerenga dzina lonse mwapang'onopang'ono, mpaka kumaliza Mwakasungula osapunthwa.

"Iwe! Kwanu ndi ku Nyasaland. Bwera kuno, tseka zenera."

Anganile anangoti kakasi. Chinali Chichewa ndithu, koma chakale, chouma ngati chikopa choiwalika padzuwa. Anapita kukatseka windo, kenako anatembenuka.

"Nyasaland inatha ine ndisanabadwe, bambo. Ndipo ndine mayi wa ana awiri. Mukamandiitana muziti inu."

Mkuluyo anaphethira kangapo. "Pepani," anatero. "Chinyanja changa n'cha pa ofesi. Ndinkangolamula nacho."

Atatuluka, Khairunisa anagwira pakamwa kubisa phwete. "Mwawachita bwino, achemwali," anatero, nayenso m'Chichewa. Anabadwira ku Limbe komwe bambo ake anali ndi sitolo ya nsalu, ndipo banja lawo linasamukira ku Leicester iye akadali kamtsikana. Chichewa chake chinali cha kuseri kwa kauntala, chachangu, chodukaduka. "Ine zaka zonsezi amandiuza iwe, sindinawakanizepo. Kuyambira lero chipindachi n'chanu."

Mbiri ya a Thorleigh Anganile sanaifunse. Inkabwera yokha, zidutswazidutswa, akamawameta ndevu kapena kuwapaka mafuta m'miyendo. Bambo awo ankasoka nsapato mufakitale ku Leicester komweko. Iwo anali mwana wanzeru wa m'banjamo, anapambana mayeso n'kupita ku yunivesite, ndipo atamaliza boma linawatumiza ku Nyasaland kukakhala wothandizira DC pa boma lina la m'chigawo chapakati. Ankayenda m'midzi kuweruza milandu ya malire a minda, kuwerenga anthu ndi kukakamiza migula m'minda. Chilankhulo anachiphunzira kwa mesenjala wawo, chifukwa wosakhoza mayeso ake sankakwezedwa. Kumeneko anakwatira namwino wachizungu wa pa mishoni, n'kubereka mwana mmodzi, Hazel.

Dziko litalandira ufulu anawasamutsira ku chilumba china cha ku nyanja yaikulu. Asanazolowere n'komwe, nachonso chinalandira ufulu. Anawatumiza kwina, n'kukhala chimodzimodzi. Pomaliza anawapatsa ubwanamkubwa wa tizilumba tina takutali kwambiri, ndi chipewa cha nthenga ndi lupanga, koma atawauziratu kuti ntchito yawo inali yokonza zochoka.

"Anzanga akale ankatsegula maofesi," anatero tsiku lina Anganile akuwaveka sokosi. "Ine ndinafika mochedwa. Kulikonse kumene ndinkapita ndinkapeza anthu akumanga katundu."

Anabwerera ku Mangalande asanakwanitse zaka makumi asanu, opanda chowalamulira. Anakhala mlembi wa kabungwe kena kosamalira matchalitchi akale mpaka atapuma. Akazi awo anamwalira, miyendo inakana, ndipo Hazel, yemwe ankakhala kutali ku Lincolnshire, anawapezera chipinda cha kumapeto kwa kolido chija.

Anganile sankawakonda, sankadana nawonso. Anali olemera powanyamula ngakhale anali owonda, ndipo ankadandaula tiyi akazizira. Chimene chinamuvutitsa chinachokera kunyumba. Tsiku lina Lamlungu, akudya atabwera kutchalitchi, anatchula dzina la boma lomwe a Thorleigh ankagwirako ntchito. Henderson anaika foloko pansi.

"Kumeneko ndi kwathu. Anali kumeneko chaka chanji?"

"Sindikudziwa. Cha m'ma fifite."

Agogo ake a Henderson anali mphunzitsi wa pulayimale. M'chaka cha 1959, boma la atsamunda likugwira anthu a ndale, galimoto inabwera pasukulu n'kuwatenga ana akuona. Anabwerera patapita chaka ndi miyezi khutu limodzi litagontha, ndipo sanaphunzitsenso. Henderson anawapeza ali nkhalamba yosalankhulalankhula, yosoka mphasa.

"Mukawafunse, mayi a Thandi," anatero Henderson. " Mukawatchulire dzina. Absalom Kalonga."

"Ndikawafunse kuti atani?"

"Adziwe kuti tikudziwa."

Anganile anazengereza sabata yathunthu. Anadzafunsa masana ena akuwawenga zikhadabo za kumapazi, phazi lawo lili pa thaulo pamwendo pake.

"Bambo, mu 1959 munali pa boma paja?"

"Ndinalipo."

"Mukukumbukira mphunzitsi wina, Absalom Kalonga? Anali agogo a amuna anga. Anamangidwa."

A Thorleigh anayang'ana kuwindo nthawi yaitali. Panja wina ankatchetcha kapinga.

"Mayina ankachokera kumwamba. Ine ndinkatumiza galimoto," anatero. "Aphunzitsi analipo angapo. Dzina limenelo sindikulikumbukira, mayi. Ndikanati ndikulikumbukira ndikanakunamizani."

"Basi?"

"Ndinkatumiza galimoto," anabwereza.

Anganile anatsiriza phazi limenelo n'kutenga linalo. Ankangomva msana kuwawa monga masiku onse.

Atamuuza Henderson, yemwe anali atangofika kuchokera kuntchito kwake ku weyahausi yosungira katundu, nsapato zachitsulo zikadali kuphazi, anapukusa mutu. "Munthu sakukumbukira n'komwe. Ndipo inu ndi amene mukumupukuta m'mawa uliwonse."

"Ndiwasiye anunkhe? Agogo anu adzuka?"

Henderson anawerama n'kuyamba kumasula nsapato zake. Nkhaniyo sanaiyambenso, koma kuyambira tsiku limenelo Anganile akafika kunyumba sankafunsidwanso kuti kuntchito kunali bwanji.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho mutu wa a Thorleigh unayamba kutayikira. Chodabwitsa n'chakuti Chingerezi ndi chimene chinkathawa msanga. Ankatha kuiwala dzina la supuni m'chilankhulo cha amayi awo, koma n'kupempha madzi akumwa m'Chichewa bwinobwino. Masiku ena ankafunsa ngati mtsinje wadzaza, ngati mesenjala wabwera. Ogwira ntchito ena akalephera kumva ankathamangira Anganile, ngakhale ali pa buleki. Hazel akabwera kudzawaona ankakhala m'mphepete mwa bedi chikwama chili pamwendo, Anganile n'kumamasulira pakati pa bambo ndi mwana wake.

Kenako, mu Juni 2018, kampani yomwe inali mwini nyumbayo inalengeza kuti ikutseka. Malowo anali atagulitsidwa kuti pamangidwe mafulati a ophunzira a ku yunivesite. Okalamba onse anayenera kupezeredwa kwina Seputembala asanathe. Akuluakulu a kampani sanabwere. Anamusiyira Khairunisa kuti auze okalambawo ndi abale awo m'chipinda chodyera. Iye anaima patsogolo pawo mawu akumuthawa, ena akulira, ena akufunsa ngati nthawi ya tiyi yakwana.

A Thorleigh anali pa wilitcheya yawo kumbuyo, Anganile ataima pambali. Anamukoka mkono wa yunifolomu.

"Akuti chiyani?"

"Akutseka nyumba ino, bambo. Nonse musamuka."

Maso awo anayera ngati munthu amene wamva dzina lake pagulu. "Ndani walamula?"

"Eni ake."

"Abwera?"

"Ayi."

"Sabwera," anatero akugwedeza mutu. "Olamula kutseka sabwera tsiku lotsekalo. Amatuma ife." Ndipo analoza Khairunisa ndi chibwano. "Mukamuuze mayi uyo aimirire mowongoka. Anthu akuyang'ana iye."

Miyezi yotsatirayo inali yothodwetsa. Ogwira ntchito anayamba kuchoka mmodzimmodzi atapeza kwina, ndipo otsalawo ankagwira mashifiti awiriawiri. Anganile sakanangochoka, chifukwa viza yake inali yomangirira pa ntchito, ndipo ankafunika bwana wina wovomera kumusainira. Ankalemba makalata ofunsira ntchito pafoni ali m'basi, nthawi zina n'kugona chala chili pa sikirini. Kamodzi anadzidzimuka basi itafika kumapeto kwa ulendo wake, dalaivala akumugwedeza phewa. Zipinda zinayamba kukhala zopanda anthu. Pazipupa pankatsala timabwalo toyera pomwe panali zithunzi.

Tsiku lomaliza kunali kamvula kowaza. Kunatsala okalamba ochepa, ndipo minibasi ndi magalimoto a abale zinkalowa ndi kutuluka pageti. Hazel anafika m'mawa kudzatenga bambo ake kupita nawo ku nyumba ina ya okalamba kufupi ndi kwawo. Anawapeza atavala suti yakuda yomwe tsopano inkawakulira, Anganile atawapesa tsitsi.

"Tiyeni, adadi, ulendo ndi wautali," anatero Hazel m'Chingerezi.

Iwo anayankha m'Chichewa, akuyang'ana Anganile. "Mumuuze kuti bwanamkubwa amatuluka pomaliza."

Anganile anamasulira. Hazel, mayi wa imvi yemwe naye ankaoneka kuti sanagone bwino kwa zaka, anatseka maso. "Ubwana wanga wonse unali wotere," anatero. "Ine ndi amayi m'sitima, katundu atakwezedwa kale, ife kudikira iwo." Anakakhala m'galimoto n'kutsegula wailesi.

A Thorleigh anapempha kuti awaike pakhomo lalikulu. Aliyense wotuluka ankamugwira chanza, ngakhale amene sankadziwa kuti akupita kuti, ngakhale madalaivala. Kwa ena ankanena mawu a Chingerezi amene anawatsalira, kwa ena ankati, "Pitani bwino." Anganile anali ndi ntchito yambiri, mankhwala oti alongedze ndi zovala zoti apinde, koma ankati akadutsa n'kuwapukuta dovu pachibwano.

Dzuwa litapendeka kunatsala munthu mmodzi, mayi Keturah. Anali gogo wochokera ku zilumba za Caribbean, yemwe anagwira ntchito yochapa m'chipatala moyo wake wonse, ndipo analibe wachibale aliyense wodziwika. Anagwira chitsulo cha bedi lake ndi manja onse awiri n'kukana kuchisiya. Khairunisa anayesa kumunyengerera, dalaivala wa minibasi ankayang'ana wotchi, ndipo wantchito wina waganyu wochokera ku ejensi anati angomumasula zala.

"Musamukhudze," anatero Anganile. Koma nayenso analibe nzeru ina. Miyendo yake inali itatupa, ndipo ankangofuna kukhala pansi.

A Thorleigh anamva phokosolo n'kufunsa. Atawafotokozera anati, "Ndipititseni."

Anganile anawakankha mpaka pafupi ndi bedi la Keturah. Awiriwa anakhala m'nyumba imodzi zaka zingapo osalankhulana kupitirira moni. Mkuluyo anafunafuna kaye Chingerezi chake, ndipo chinabwera.

"Mayi, ine sindingachoke inu musanachoke. Mwana wanga akundidikira panja. Ndithandizeni."

Keturah anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndinu uja amati bwanamkubwa?"

"Ndinali."

"Kwathu kunalinso wina ngati inu. Tinkaima padzuwa ndi timbendera kumudikira, ana kukomoka. Kenako ananyamuka n'kutisiya." Anapumira m'mwamba. "Anthu inu mumadziwa kuchoka."

"N'zimene ndinaphunzira," anatero a Thorleigh.

"Nanga ine ndani anandifunsa ngati ndikufuna kuchoka?"

"Palibe. Ndipo sakufunsani. Chimene chatsala n'chakuti mutuluke ndi miyendo yanu kapena akunyamuleni. Ine ndaonapo zonse ziwiri."

Keturah anayang'ana kukhomo. Kenako anamasula dzanja limodzi. "Ndipatseni chipewa changa cha kutchalitchi," anauza Anganile. "Ndipo uyu atsogole. Nthawi ino adikire padzuwa ndi iyeyo."

Kunja kunalibe dzuwa, koma anachita monga ananenera. Anganile anakankha a Thorleigh mpaka panja pa khomo, pa kamvula paja, ndipo anadikira pomwepo pamene Keturah ankabwera pang'onopang'ono ndi chogwirira chake, chipewa chofiirira chili kumutu, Khairunisa atanyamula kachikwama kake kumbuyo. Atafika sanawagwire chanza. Anangowagwedezera mutu n'kukwera minibasi.

Hazel anatuluka m'galimoto, koma bambo ake anakweza dzanja. Ankafuna kuzungulira nyumba yonse kaye kuti aone ngati simunatsale munthu. Anganile anafuna kukana. Anayang'ana Khairunisa, yemwe anangotambasula manja, ndipo anayamba kukankha. Analowa chipinda ndi chipinda, matayala akulira pa pulasitiki ya pansi. Munalibe munthu. M'bafa ina anapeza mano oikirira ali m'kapu, ndipo Anganile anawakulunga m'tishu n'kuika m'thumba kuti adzafufuze mwini wake.

Atabwerera pakhomo a Thorleigh anayang'ana uku ndi uku.

"Mbendera ili kuti?"

"Kuno kulibe mbendera, bambo."

"Zili bwino. Imavuta. Ku zilumba kuja inakodwa pakati pa mtengo, bandi n'kumangoimba nyimbo yomweyo mpaka wapolisi anakwera." Anaseka pang'ono, kuseka kwake n'kuthera m'chifuwa. Anagwira chanza Khairunisa n'kumuuza kuti, "Mwagwira ntchito, mayi." Khairunisa anatembenukira kukhoma n'kumapukuta magalasi.

Anganile ndi Hazel anathandizana kuwakweza m'galimoto. Akuwamanga lamba, mkuluyo anamuyang'ana pafupi.

"Inu mukutsala?"

"Ndikutsala."

"Eya. Eni dziko amatsala."

"Kuno si kwathu, bambo. Ndi kwanu."

Anaoneka kuti sanamve. Galimoto inatuluka pageti, ndipo Anganile anabwerera m'kati kukathandiza Khairunisa kuzimitsa mafiriji.

Ntchito ina anaipeza mu Okutobala, ku nyumba ya okalamba ya ku Evington. Inali ntchito yomweyo, msana womwewo, koma ulendo wa pabasi unafupikirako. Tsiku lina mu Disembala, ali pa buleki akudya buledi ataimirira m'kakhitchini ka ogwira ntchito, foni yake inalira. Anali Hazel. Anapepesa kaye kambirimbiri, kenako anati bambo ake asiyiratu Chingerezi, ndipo kumene aliko palibe amene amawamva.

"Pali dzina limene akungolitchula. Anamwino akuganiza kuti ndi munthu wa ku Africa amene ankamudziwa. Ndatopa. Mukumudziwa Ndatopa?"

Anganile anameza buledi uja. "Si munthu," anatero. "Akunena kuti atopa."

Kenako Hazel anati, "Basi? Ine ndafufuza m'zithunzi zonse za kale." Anapempha ngati Anganile angalankhule nawo pang'ono, ndipo anawaikira foni kukhutu.

"Bambo, muli bwanji? Ndine Anganile."

Kunamveka kupuma kokhakokha. Kenako mawu ochepa mphamvu anati, "Ndani?"

"Anganile. Wa ku Ashlow."

"Mvula yagwa kumeneko?"

"Yagwa."

"Anthu adzala?"

Anganile anayang'ana pawindo. Kunja kunali malo oimika magalimoto ndi mabini atatu. "Adzala," anatero.

"Chabwino," anatero mkuluyo. "Chabwino."

Belu la m'chipinda china linayamba kulira, ndipo Anganile anauza Hazel kuti ayenera kupita. Analonjeza kuti adzabwera kudzawaona akadzapeza tsiku lopuma. Ankanenadi zoona, koma Khirisimasi ogwira ntchito anachepa, mu Januwale mwana wake Thandi anadwala chifuwa, ndipo ku Lincolnshire kunalibe basi yachindunji.

A Thorleigh anamwalira mu Febuluwale. Hazel anatumiza uthenga pafoni wonena tsiku ndi malo a maliro. Anganile anayang'ana rota ya mashifiti n'kupeza kuti tsikulo anali pa shifiti yaitali. Anafunsa anzake awiri ngati angasinthane naye, onse anakana, ndipo iye sanafunsenso wachitatu. Anayankha uthengawo ndi mawu achipepeso, n'kubweza foni m'thumba. M'chipinda chotsatira munali gogo wina watsopano amene anafika dzulo lake ndipo anali asanadye kanthu. Anganile anatenthetsanso phala lake, anakoka mpando, n'kukhala pansi.